Mlendo ndi Mame: Mphunzitsi Wopita Kunja Akonzekere Zobwerera

Ku Kande, m'mbali mwa msewu wa M5 kummwera kwa Chintheche, n'kovuta kupeza banja lopanda mbale wake kunja. Ena ali ku Joni, ena anatsalira ku Zimbabwe ndi ku Zambia kalekale. Maulendowa sanayambe lero. Amishoni a Livingstonia atakhazikika ku Bandawe mu 1881, Atonga ambiri anaphunzira msanga kulemba ndi kuwerenga, ndipo sukuluyo ndi imene inawatsegulira njira ya kummwera. Clements Kadalie wa m'mudzi wa Chifira anaphunzira uphunzitsi ku Livingstonia, n'kuchoka m'dziko muno mu 1915. Mu 1919 anayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town, ndipo anamwalira ku East London mu 1951. Anthu ambiri a m'nthawi yake anakalambira komweko. Ndiwo aja timawatcha matchona.

Lero aphunzitsi athu akupitabe, ndipo palibe angawadzudzule poona mmene kwacha yagwera. Koma asananyamule chikwama, banja likhale pansi likambirane mafunso awiri: kodi akakhala kumeneko ndi chilolezo chanji, nanga mphamvu zikadzatha adzadya chiyani?

Pepala limene likukusungani

Titenge South Africa, kumene anthu a ku Nkhata Bay amapita kwambiri. Mmalawi amalowa ndi pasipoti yokha n'kupatsidwa masiku 30 ocheza. Masiku amenewa si ogwirira ntchito, ndipo malamulo akumeneko salola mlendo wodzacheza kusintha chilolezo chake kukhala cha ntchito ali m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Pemiti ya ntchito imapemphedwa munthu akadali kuno. Wopitirira masiku ake amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu.

Mphunzitsi ali ndi zitseko zina ziwiri. Mapepala ake a sukulu ayenera kuunikidwa ndi bungwe la SAQA, ndipo iye mwini alembetse ku SACE, khonsolo ya aphunzitsi, asanaimirire pamaso pa ana.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti pemiti wamba ya ntchito imamangidwa pa bwana amene anakulembani, ndipo sipitirira zaka zisanu isanakonzedwenso. Sukulu ikasiya kukufunani, ufulu wokhala m'dzikomo nawonso uli pangozi. Nthawi zambiri zilolezo za mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana zimatsamira pa chanucho. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Penshoni ili kuti?

Kuno kwathu, lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linakhazikitsa zoti wolemba ntchito aziika 10 peresenti ya malipiro m'thumba la penshoni, wantchito 5 peresenti. Mphunzitsi akasiya ntchito n'kupita kunja, zoikazo zimaima. Ngati kumene wapitako sakumusungira kanthu, zaka zonsezo zimakhala dzenje m'moyo wake.

Ku South Africa, thumba lalikulu la GEPF ndi la anthu olembedwa ndi boma. Aphunzitsi ochokera kunja kawirikawiri amalembedwa pa kontirakiti ya kanthawi, kapena ndi komiti ya sukulu, kapena m'sukulu zomwe si zaboma, ndipo kumeneko penshoni ikhoza kukhalapo kapena ayi. Funsani musanasayine. Ngati ilipo, dziwani dzina la thumbalo ndi nambala yanu, ndipo mufunse mmene mudzatengere ndalama mukadzachoka m'dzikomo. Kuyambira pa 1 September 2024 dzikolo linagawa zosunga za penshoni pawiri: gawo limodzi mwa atatu munthu angathe kutapako akadali pantchito, awiri otsalawo amadikira nthawi yopuma. Kutapa chaka ndi chaka n'kudya mbewu.

Mbiri yatiphunzitsa kale. Anthu amene anapita kumigodi kudzera ku Theba akhala zaka zambiri akulondola ndalama zawo, ena mapepala atatayika, ena atamwalira ana osadziwa poyambira. Ku Zimbabwe, kukwera mitengo koopsa kwa mu 2008 kunasandutsa penshoni za anthu okalamba kukhala zosagula ngakhale buledi. Kuno nako kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Choncho si nzeru kusunga zonse malo amodzi, m'ndalama ya dziko limodzi.

Zoti banja lichite

Sungani makope a kontirakiti iliyonse, mapepala a malipiro, pemiti ndi makalata a penshoni, ena kunjako, ena kuno kwa munthu wodalirika. Lembetsani mayina a odzalandira ndalama mukadzamwalira, ndipo muwauze. Yambani kukonzetsa pemiti ikadali ndi miyezi ingapo. Kwa ife osunga Sabata, nkhani ya makalasi ndi masewera a Loweruka ilembedwe m'kontirakiti pachiyambi, chifukwa mkangano ndi bwana umakhudzanso pepala lokhalira m'dziko.

Pa ndalama zotumiza kumudzi, patulani za fizi ndi chakudya pazokha, za ukalamba pazokha. Nyumba imene ikumangidwa ku Kande ikhale pamalo amene amfumu ndi abale agwirizana, umboni wake utalembedwa, ndipo mwini wake azibwera kudzaona ndi maso, osadalira zithunzi za pa WhatsApp zokha.

Musaiwale thanzi. Inshuwalansi ya chipatala yochokera kuntchito imatha tsiku limene ntchito yatha, pamene matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi amakonda kubwera pa msinkhu womwewo. Yezetsani mukadali pantchito, ndipo muwerengere mtengo wa mankhwala ndi ulendo wa ku chipatala cha Chintheche, cha Nkhata Bay kapena ku Mzuzu.

Pomaliza, musadule ubale. Wobwera pamaliro, wodziwa mayina a adzukulu, woyendera mpingo wa kwawo akafika patchuthi, amapeza pokhala akadzabwerera. Kondowole ndi usipa zidzakhalapo, koma zimakoma pamene pali odya nawo. Paja kwanu n'kwanu, mthengo mudalaka njoka.