Kodi khansa ya m'magazi ni matenda a kumtundu?

Mwana akapezeka ndi khansa ya m'magazi, nkhani kunyumba imafulumila kufika pa funso lakuti matendawa acokela kucimuna kapena kucikazi. Mabanja ena amayambana, ena amathamangila kwa asing'anga, ndipo masiku a cithandizo amatayika.

Khansa ya m'magazi ili m'magulu atatu akulu: leukaemia ndi myeloma zimayambila m'mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwa, pamene lymphoma imatupitsa anabele. Odwala ambili alibe m'bale amene anadwalapo. Matendawa sapatsilana, ndipo ni osiyana ndi sickle cell, imene mwana amatengela kwa makolo onse awili koma si khansa.

Mbali ya mtundu

Kutengela kulipo ndithu pa mitundu ina. Ofufuza a ku Sweden anapeza kuti makolo, ana ndi abale a mimba imodzi a munthu wodwala leukaemia ya acikulile yochedwa CLL ali paciopsezo coposa ca anthu ena nthawi 7 kapena 8. Ngakhale n'telo, ambili mwa abalewo sadwala, cifukwa matendawo ni osowa. Ana obadwa ndi Down syndrome naonso amadwala leukaemia kawilikawili kuposa anzao.

Nanga za kucila? Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2008 anaonetsa kuti odwala lymphoma ndi CLL amene anali ndi m'bale wodwalapo anakhala ndi moyo zaka zofanana ndi odwala ena. Conco imfa ya agogo kapena amalume si ciweluzo pa mwana.

Zotengela kwa makolo zimakhudzanso cithandizo. Matupi a ana ena amacedwa kucotsa mankhwala ochedwa mercaptopurine, motelo dokotala amapima magazi pafupipafupi ndi kucepetsa mlingo. Wodwala wofunika kuikidwa mafuta a m'mafupa a munthu wina, monga amacitila ku South Africa ndi India, amayamba kuyang'ana kwa abale: m'bale aliyense wa tate ndi mai mmodzi ali ndi mwai umodzi pa 4 wogwilizana naye.

Cimene cimapulumutsa

Bungwe la WHO limati m'maiko olemela ana oposa 80 pa 100 odwala khansa amacila, koma m'maiko ambili osauka safika 30. Kusiyanaku sikucokela m'magazi a makolo. Kumabwela cifukwa cofika mocedwa kucipatala, kusowa kwa mankhwala ndi kulekela cithandizo panjila.

M'Kabwe kucedwa n'kosavuta. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'dothi la ku Kasanda, Chowa ndi Makululu, ndipo umacepetsa magazi a ana. Malungo naonso amatelo. Motelo mwana wotumbuluka m'manja ndi m'maso angaganizilidwe mtovu kapena malungo kwa miyezi, pamene vuto lili kwina.

Makolo abwelele kukiliniki ndi kupempha kupima magazi onse ngati mwana ali ndi kutentha thupi kosamva mankhwala a malungo, kukha magazi m'mphuno kapena m'nkhama, kupweteka kwa mafupa, anabele osapweteka m'khosi ndi m'khwapa, kapena kutupa kwa nsagwada ndi mimba. Kutupa kwa nsagwada kokula msanga kungakhale Burkitt lymphoma, imene Dr Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958. Imagwilizana ndi malungo a pafupipafupi, ndipo imamva mankhwala ikapezeka msanga. Akulu amene ali ndi HIV ali paciopsezo cacikulu ca lymphoma, conco asaleke ma ARV.

Kiliniki imatumiza wodwala ku Kabwe Central Hospital, ndipo kucoka kumeneko amapita ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 140, ku UTH kapena ku Cancer Diseases Hospital imene inatsegulidwa mu 2007. Dokotala auzidwe za m'bale aliyense amene anadwalapo khansa. Cithandizo ca leukaemia ya ana cimatenga zaka ziwili kapena kuposa, motelo acibale a mbali zonse ziwili agawane nchito: wina ndalama ya basi, wina kupeleka magazi, wina kusunga ana otsala pakhomo.