Koleji ya Umisiri ya ku Ngara: Chiphaso Chokha Sichipala Thabwa

M'mwezi wa Marichi chaka cha 2015 Pulezidenti Peter Mutharika anafika ku Ngara, m'boma la Karonga, kukakhazikitsa makoleji a umisiri a m'madera. Ngara ndi dooko la asodzi, pa mseu waukulu wa M1 pakati pa Karonga ndi Chilumba. Koleji ya kumeneko inali imodzi mwa 11 zoyamba, ndipo cholinga cha Boma chinali chakuti lililonse la maboma 28 likhale ndi yake, kuti mnyamata kapena msungwana wosowa malo ku yunivesite aphunzire ukalipentala, kumanga, kusoka kapena kuwotcherera zitsulo pafupi ndi kwawo.

Maphunziro otere si achilendo ku Mpoto kuno. Dr Robert Laws anayamba sukulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, ndipo amisiri otuluka kumeneko anamanga nyumba zambiri m'dziko muno. Koma pa mishoni ophunzira ankapeza pogona, matabwa ndi ntchito yoyeserapo manja pamalo amodzi. Zitatu zimenezi ndizo zimavuta pa koleji ya m'dera.

Vuto loyamba la wophunzira ndi mtunda. Boma la Karonga ndi lalitali, kuyambira ku Songwe kufikira kupitirira Chilumba, ndipo kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 365,000. Mwana wochokera ku Kaporo sangayende tsiku ndi tsiku kunka ku Ngara. Ayenera kubwereka kanyumba ndi kudzidyetsa yekha, pamene makolo ake ndalama amaziona kamodzi pa chaka akagulitsa mpunga. Kwa msungwana kukhala yekha kutali ndi kwawo n'kowopsa koposa.

Lachiwiri ndi malo ozolowerera ntchito. Mmisiri sapsa m'kalasi; afunika miyezi ingapo pansi pa mmisiri mnzake wamkulu. Tsono makampani olemba amisiri ndi owerengeka ku Karonga. Mgodi wa Kayelekera unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014, ndipo unayambanso mu 2025, kotero kuti pa zaka khumi zoyamba za koleji ya ku Ngara khomo limenelo linali lotseka.

Nawo akulu oyendetsa makoleji otere ali ndi katundu wawo. Sukulu wamba itha kuyenda ndi choko ndi bolodi, koma phunziro lililonse la umisiri limadya matabwa, simenti, nsalu ndi zitsulo, ndipo mitengo ya zimenezi imakwera nthawi iliyonse kwacha ikagwa. Magetsi akazima, makina owotcherera amangokhala. Mphunzitsi wodziwadi ntchito ndi wovuta kumusunga, pakuti amene akudziwa kumanga amapeza zochuluka kwa makontirakita. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limathandiza ndi msonkho wa 1 peresenti ya malipiro umene olemba ntchito amapereka, koma mphika umodziwo ukudyetsa makoleji a dziko lonse.

Nanga atatsiriza maphunziro? Kalipentala wopanda sowo ndi nyundo ali ngati mlimi wopanda khasu: chiphaso chimagona m'sutikesi, mwini wake ali ku nyanja kuthandiza asodzi a usipa.

Pamenepa ogwira ntchito m'Boma ndi aphunzitsi ali ndi mbali yawo. Makhonsolo amagula madesiki, amakonzetsa zitseko za zipatala ndi kumangitsa zipinda zophunziriramo. Gawo la ntchito zimenezi litaperekedwa kwa makoleji ndi kwa otulukamo, wophunzira akanapeza poyeserera ndiponso ndalama yogulira zipangizo zake. Aphunzitsi a ku sekondale nawo aleke kuwauza ana kuti umisiri ndi wa olephera mayeso. Boma linamanga msasa. Kuti mukhale amisiri enieni, afunika matabwa pa benchi ndi ntchito yowadikira pakhomo.