Akatswiri Otsuka Maina: Nkhani ya Tiger Woods

Pa 19 February 2010, m'cipinda cina ku Ponte Vedra Beach, m'cigawo ca Florida ku America, mwamuna wa zaka 34 anaimirira pamaso pa anthu pafupifupi 40 nayamba kuwerenga pepala. Iyeyu anali Tiger Woods, ngwazi ya masewera a gofu, amene dzina lace linali lodziwika ngakhale kwa ife amene masewerawa timangowaonera patali. Mai ace anakhala pampando wakutsogolo. Mkazi wace, Elin Nordegren, sanabwere. Kwa mphindi zoposa 13 Woods anavomera kuti anali wosakhulupirika m'banja, napepesa. Atatha anakumbatira mai ace naturuka, osayankha funso ndi limodzi lomwe.

Ambiri amene anaona zimenezi pa wailesi yakanema anaganiza kuti akuona munthu wolapa. Kapena anali wolapadi. Za mumtima adziwa ndi Mulungu. Koma mwambowo unali wokonzedwa mosamala. Oitanidwa anacita kusankhidwa, atolankhani ololedwa kulowa anali owerengeka, ndipo mafunso analetsedwa, kotero kuti bungwe la olemba nkhani za gofu ku America linakana kutumizako anthu ace. Iyi ndiyo nchito ya akatswiri amene anthu ochuka amawalemba ganyu kuti awatsukire dzina likadetsedwa.

Makolo athu anati madzi akatayika saoleka. Akatswiriwa amadyera pa kuyesa kuwaola.

Mabvuto a Woods anayamba usiku wa pa 27 November 2009, pamene galimoto yace inaomba mpopi wa madzi ozimira moto ndi mtengo pafupi ndi nyumba yace. Pasanapite masiku ambiri, manyuzipepala anadzaza ndi nkhani za akazi ena amene anali nao pa cibwenzi. Apa tiyenera kumvetsa kuti kwa munthu wotere dzina ndi munda. Ndalama zace zambiri sizinali zocokera ku mipikisano, koma ku makampani amene ankagwiritsa nkhope yace potsatsa malonda. Kampani ya Accenture inamsiya mu December, AT&T inatsatira mwezi womwewo usanathe, ndipo Gatorade inacoka mu February 2010. Nike inatsala naye.

Lamulo loyamba la akatswiriwa ndi lakuti: nkhani yako yoipa uinene wekha, msanga, ena asanakunenere. David Letterman, woulutsa mau wochuka, anacita zimenezo mu October 2009, poulula yekha pa programu yace za zibwenzi zace ndi akazi a kunchito, ndipo nchito sinamthere. Woods anacita zosiyana. Anabisala kwa miyezi pafupifupi itatu, akungotumiza mau olembedwa, ndipo ambiri odziwa nchitoyi anati anacedwa, pakuti pamene mwini nkhani ali cete, aliyense amayankhula m'malo mwace.

Atapepesa, cotsatira cinali kumbwezera kwa anthu pang'onopang'ono, monga mudyetsera wodwala phala. Kwa kanthawi kocepa anathandizidwa ndi Ari Fleischer, amene kale anali mneneri wa Pulezidenti George W. Bush. Mu March 2010 Woods analola kufunsidwa ndi mawailesi awiri, ESPN ndi Golf Channel, koma iliyonse inapatsidwa mphindi zisanu cabe. Ngakhale malo obwererako ku masewera anasankhidwa mwanzeru: mpikisano wa Masters ku Augusta, kumene eni bwalo amasunga mwambo wolimba ndipo woonerera waphokoso amaturutsidwa.

Cimene cinadabwitsa ambiri ndi kanema wa malonda amene Nike inaturutsa mpikisanowo uli pafupi kuyamba. Woods anaoneka ataima cete, nkhope ili yacisoni, pamene mau a bambo ace, Earl Woods, anamveka ngati akumfunsa zimene anali kuganiza ndiponso ngati waphunzirapo kanthu. Koma bambo akewo anali atamwalira mu 2006. Mauwo anajambulidwa kale, pa nkhani ina, ndipo anangodulidwa ndi kusokereredwa apa. Taganizani, owerenga okondedwa: malemu kuukitsidwa kuti adzudzule mwana wao, cikhalireco colinga ndi kugulitsa nsapato. Ine ndiona kuti apa luso linapitirira malire. Koma linagwira nchito yace, pakuti anthu anayamba kumuona ngati mwana wolakwa amene ali kulangizidwa, osati mwamuna amene ananyenga mkazi wace.

Komabe pali cinthu cimodzi cimene katswiri wotsuka maina sangapange m'ofesi, ndico kupambana. Mu March 2013 Woods atakhalanso woyamba pa dziko lonse, Nike inafalitsa cithunzi cace ndi mau akuti kupambana kumakonza zonse. Ambiri anakwiya nao mauwo, koma pa malonda anali oona. Taonani Lance Armstrong, wopalasa njinga amene analandidwa ulemu wa mipikisano 7 ya Tour de France mu 2012 cifukwa ca mankhwala oletsedwa. Nayenso anakaulula pa wailesi yakanema kwa Oprah Winfrey mu January 2013. Sizinamthandize kweni-kweni. Iye ananyenga m'masewera momwemo, analetsedwa kupikisana kwa moyo wace wonse, ndipo panalibe cipambano catsopano cophimbira cakale. Ngakhale Nike inali itamtaya kale.

Woods anagwanso mu May 2017, apolisi atampeza ali mtulo m'galimoto, mankhwala ali m'thupi. Koma mu April 2019, atacitidwa maopareshoni a msana, anapambananso Masters, ndipo dziko lonse linaona cithunzi cace akukumbatira ana ace. Mwezi wotsatira analandira mendulo yaulemu ku White House. Nkhani inali itasintha: sinalinso ya cigololo, koma ya ngwazi yodzuka pamene inagwa.

Onse amene anamkhululukira motere anali anthu akutali, amene sanalakwiridwe kanthu. Ukwati wace unatha pa 23 August 2010, patangopita miyezi 6 kucokera tsiku lija anapepesa. Elin anakamba zakukhosi kwace ku magazini ya People sabata yomweyo, nanena kuti safuna kudzakambanso za nkhaniyo kwa atolankhani.