Nyimbo Yomvera M'chifuwa

Pa CD imene gulu la ku America la Queens of the Stone Age linatulutsa mu Ogasiti 2002 pali nyimbo ina yosalembedwa pachikuto. Kuti uyipeze, umaika CD m'wailesi, ndipo nyimbo yoyamba ikangoyamba umadina batani lobwezera m'mbuyo osalisiya, mpaka nthawi itadutsa pa ziro n'kuyamba kuwerenga chafutambuyo. Mawailesi ena salola. Amene alola amakupatsa mphindi imodzi ndi theka ya chinthu chovuta kuchitcha nyimbo: kugunda kwa mawu apansi kwambiri, ngati lole yaima kuseri kwa nyumba injini ili chilirire. Pa kawailesi kakang'ono sumva kanthu kwenikweni. Pa masipika akuluakulu mawindo amanjenjemera, madzi a m'kapu n'kuchita timafunde.

Chimbalecho dzina lake ndi Songs for the Deaf, kutanthauza nyimbo za anthu osamva. Yobisikayo anaitcha The Real Song for the Deaf, ndiye kuti iyi ndiyo yawo yeniyeni.

Papita zaka zoposa 20 koma okonda nyimbo za rock sanatope nacho chimbalechi. Ambiri amati gululi silinapangenso china chofika pamenepa, chifukwa apa mpamene oimba ake Josh Homme, Nick Oliveri ndi Mark Lanegan anagwirizana ndi Dave Grohl, woimba ng'oma wakale wa gulu la Nirvana, yemwe anayamba waika padera gulu lake la Foo Fighters kuti adzaimbe nawo. Anachikonza ngati ulendo wa pagalimoto wochokera ku Los Angeles kupita kuchipululu cha Joshua Tree, woyendetsa akusinthasintha masiteshoni a wailesi. Ena amakonda timawu ta aulutsi tomwe tili pakati pa nyimbozo, ena amati n'totayitsa nthawi ndipo amangotidumpha. Alipo odandaula kuti anachikweza mopitirira pochijambula, moti pofewa ndi polimba m'pofanana ndipo makutu amatopa chisanathe. Koma pa dzina lija ambiri amangoti ndi kudzitama kwa oimba: phokoso loti ngakhale gonthi alimve. Amaseka n'kupitirira. Ine apa mpamene ndimaima, chifukwa m'nthabwala imeneyi muli zoona ziwiri zimene osekawo saziona.

Choyamba Chichewa chathu chinachidziwa kalekale. Timamva mawu, koma timamvanso kutentha, kumva kuwawa, kumva fungo, kumva kukoma. Mneni ndi mmodzi. Evelyn Glennie, mayi wa ku Scotland amene makutu ake anasiya kugwira ntchito ali ndi zaka 12 koma n'kukhala mmodzi mwa akatswiri oimba ng'oma ndi mangolongondo padziko lonse, analemba mu 1993 kuti kumva mawu ndi mtundu chabe wa kukhudza. Nthawi zambiri amaimba osavala nsapato kuti kunjenjemera kwa pansi kulowere kumapazi. Ali mwana, mphunzitsi wake ankamenya ng'oma iye ataika manja pakhoma la kalasi, mpaka anazolowera kuti mawu apansi amamveka m'miyendo pomwe apamwamba amafika kumaso, m'khosi ndi pachifuwa. Ndi iyeyu amene anatsogolera oimba ng'oma pafupifupi 1,000 potsegulira masewera a Olympic ku London mu 2012.

Palibe zamatsenga apa. Mawu ndi mpweya umene ukunjenjemera. Ukalowa m'khutu umagwedeza kanembanemba kokhala ngati chikopa cha ng'oma, kanembanembako n'kukankha tifupa titatu ting'onoting'ono, tifupato n'kugwedeza madzi a m'kachiwalo kopindika ngati chigoba cha nkhono. M'menemo muli timaselo pafupifupi 16,000 tokhala ndi titsitsi, tomwe timasandutsa kugwedezekako kukhala uthenga wopita kuubongo. Khutu la mwana wathanzi limagwira kunjenjemera koyambira ka 20 mpaka ka 20,000 pasekondi. Koma khungu nalo lili ndi timitsempha take togwira kunjenjemera, tomwe timagwira bwino kwambiri pakati pa ka 200 ndi ka 300 pasekondi, n'kulekeratu cha m'ma 1,000. Chingwe chachikulu cha gitala ya besi chimanjenjemera ka 41 pasekondi. Ng'oma yaikulu yopondedwa ndi phazi ilinso chakumeneko. Tsono gulu ngati la Homme, lomwe limamasula zingwe kuti magitala alire pansi kuposa masiku onse, limaimba mbali yaikulu ya nyimbo zake m'dera limene khungu, mafupa ndi chifuwa zimamva popanda kupempha chilolezo kwa khutu.

Chimbalechi chisanatuluke, mu Novembala 2001, Dr. Dean Shibata wa ku University of Washington anaulutsa zimene anapeza ataunika ubongo wa anthu 10 osamva chibadwire ndi ena 11 akumva, pogwiritsa ntchito makina a MRI. Onse ankawanjenjemeretsa m'manja. Mwa onse, mbali ya ubongo yomva kukhudza inadzuka. Koma mwa osamva okha munadzukanso mbali imene mwa enafe imagwira ntchito yomva mawu. Ubongo sulola munda kugonera. Khutu likapanda kubweretsa kanthu, malo akewo amaperekedwa kwa manja ndi maso.

Ndinazionapo ndi maso anga pa chinkhoswe china. Mtsikana wina wosamva, wa zaka mwina 15, anapita kukaima pambali pa sipika yaikulu n'kuika chikhatho pa thabwa lake. Anakhala duu kwa kanthawi, maso ali pa mapazi a amayi amene ankavina akuponya ndalama m'lichero. Kenako phewa linayamba, chiuno n'kutsatira, ndipo atachotsa dzanja analowa m'bwalo osaphonya ngakhale pang'ono. Anthu ena anadabwa mokweza ngati aona chozizwitsa. Kwa iye zinali zamasiku onse.

Ku America anthu osamva anazipanga zimenezi kukhala mwambo wawo. Pa Gallaudet University ku Washington, sukulu ya ukachenjede ya osamva imene inakhazikitsidwa mu 1864, timu ya mpira inkagwiritsa ntchito chimng'oma chachikulu choimika kunja kwa bwalo: osewera ankamva kugunda kwake m'thupi n'kudziwa nthawi yoyamba kuthamanga. Pa sukulu yomweyo, m'zaka za m'ma 1970, anyamata atatu osamva, Bob Hiltermann, Ed Chevy ndi Steve Longo, anayambitsa gulu la rock lotchedwa Beethoven's Nightmare. Kumakonsati a gulu la Grateful Dead, osamva ankabwera ndi mabaluni, n'kumawagwira ndi nsonga za zala kuti atole kunjenjemera kumene chifuwa chokha sichingagwire. Yesani kunyumba: fufumitsani baluni, muigwire mopepuka pafupi ndi sipika, mutseke makutu. Mudzasiyanitsa besi ndi ng'oma. Masiku ano kumakonsati akuluakulu kumakhala omasulira m'chinenero chamanja, amene samangomasulira mawu a nyimbo, koma amaonetsanso ndi nkhope ndi thupi lonse mmene gitala ikulirira.

Mawu oti mwambo sindikuwatchula mwamwayi. Osamva ambiri sadziona ngati odwala oyembekeza kuchira. Amadziona ngati mtundu wa anthu wokhala ndi chinenero chake, nthano zake, nthabwala zake ndi mbiri yake ya kuponderezedwa. Mu 1880 msonkhano wa aphunzitsi ku Milan, m'dziko la Italy, unagamula kuti ana osamva aziphunzitsidwa ndi pakamwa pokha, manja ayi, ndipo kwa zaka pafupifupi 100 ana m'mayiko ambiri ankalangidwa akapezeka akulankhulana ndi manja. Zinatengera William Stokoe mu 1960 kuonetsa akatswiri anzake kuti chinenero chamanja cha ku America chili ndi malamulo ake ngati chinenero china chilichonse. Mu Malichi 1988 ophunzira a pa Gallaudet anatseka zipata za sukulu mpaka akuluakulu atasankha I. King Jordan kukhala mtsogoleri woyamba wosamva, patatha zaka 124 sukuluyo ikulamulidwa ndi akumva. Anthu odutsa m'zimenezi akamva kuti dzina lawo laikidwa pachimbale kuti likhale muyeso wa phokoso, ali ndi ufulu wofunsa ngati oimbawo anawaganizirako n'komwe. Ndipo ife tisathamangire kuloza chala azungu. M'Chichewa chomwe ndachiyamikira chija, mwana wamwano timamutcha wosamva, dzina lomwelo la mwana wa pa sukulu ya osamva ya Maryview ku Chiradzulu, pa Mua ku Dedza kapena pa Embangweni ku Mzimba amene sanalakwire munthu.

Choona chachiwiri n'chowawa. Chimene wokonda rock amafuna akamakweza wailesi mpaka kumapeto ndi chomwe mtsikana uja anapeza ndi chikhatho: nyimbo yolowa m'chifuwa. Koma kuti chifuwa chigwedezeke, khutu limakhala litalandira kale zopitirira muyeso wake. Titsitsi ta m'kachigoba ka nkhono tija tikamenyedwa ndi phokoso timagona ngati udzu wopondedwa. N'chifukwa chake ukachoka ku dansi umamva ngati m'makutu mwatsekedwa ndi thonje, ndipo usiku ukagona mumalira kuti tswii. Mawa lake udzu umadzuka. Ukapondedwa kawirikawiri umafa, ndipo mwa munthu timaselo timeneti tikafa sitimeranso. Toyamba kufa ndi togwira mawu apamwamba, cha m'ma 4,000 pasekondi, komwe kumakhala zilembo ngati s ndi f. Munthu amamva ndithu kuti mnzake akulankhula, koma mawu sakuwagwira, makamaka pamsika kapena pagulu. Amayamba kunena kuti anthu a masiku ano amalankhulira m'mano.

Dave Grohl yemweyo, amene ng'oma zake okonda chimbalechi amazitamanda, anaulula mu 2022 pa pulogalamu ya Howard Stern kuti wakhala akuwerenga milomo ya anthu kwa zaka pafupifupi 20, ndipo nthawi ya Covid-19, anthu atavala zotseka pakamwa, zinamuvuta kwambiri kutsatira zokamba za anzake. Mu 2016 Brian Johnson wa gulu la AC/DC anasiyira panjira ulendo woimba madokotala atamuchenjeza kuti akapitiriza makutu atsekekeratu. Lars Ulrich wa gulu la Metallica wakhala akulankhula poyera za kulira kwa m'makutu kosatha.

Ndipo kugontha kwa mtundu uwu n'kosiyana ndi kwa ana a pa Gallaudet. Munthu amene makutu amuthawa ali wamkulu amataya dziko limodzi asanapeze lina: manja sadziwa, gulu la osamva salidziwa, pomwe anzake akumva ayamba kutopa naye chifukwa chobwerezabwereza. Filimu ya Sound of Metal, yomwe inapata mphoto ziwiri za Oscar mu 2021, inaonetsa bwino mpata umenewu kudzera mwa woimba ng'oma amene makutu amutsekeka mwadzidzidzi. Paul Raci, yemwe anasewera ngati mkulu womulandira pakati pa osamva, anabadwa kwa makolo osamva, ndipo pamoyo weniweni amaimba nyimbo za gulu la Black Sabbath ndi pakamwa komanso ndi manja.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chowononga makutu awo chifukwa cha mmene amamvera nyimbo. Muyeso wake wa munthu wamkulu ndi uwu: phokoso la madesibelo 80 ungakhale nalo maola 40 pamlungu; likafika 90, maola 4 okha; likafika 100, mphindi 20 pamlungu wonse. Manambalawa amanyenga, chifukwa kuwonjezera madesibelo atatu okha ndiye kuti mphamvu ya phokoso yawirikiza kawiri ndipo nthawi yotetezeka yadulidwa pakati. Makonsati a rock nthawi zambiri amafika pa 100 kapena kupitirira. Mu 2022 bungweli linalangiza kuti malo achisangalalo asamadutse pa 100, ndipo azipereka zotsekera m'makutu komanso malo opumirako phokoso.

Nyimbo za rock si zambiri kwathu kuno, koma khutu silisankha kuti phokosoli ndi la gitala, la kwaya, la amapiano kapena la chigayo. Muyeso wosafuna makina ndi uwu: ngati ukuchita kukuwa kuti munthu amene ungamukhudze utatambasula mkono akumve, ndiye kuti phokosolo likudya makutu. Ngati wa pampando woyandikana nawe m'minibasi akumva nyimbo ya m'mahedifoni ako, tsitsa. Chosangalatsa n'chakuti tizotsekera ta siponji timachepetsa kwambiri mawu apamwamba, koma sitingaletse chifuwa ndi mapazi kunjenjemera, choncho chimene unadzera ku dansi chija umachipezabe. Kungochepetsa madesibelo 10 kumachulukitsa kakhumi nthawi imene khutu lingapirire. Osamva nawonso ayenera kusamala: ambiri amakhala ndi kakumva kotsala kamene makina othandiza kumva amadalira, ndipo kuima mutu uli pa sipika kungawalande kochepako.

Ngati m'makutu mwalira masiku angapo osaleka, kapena khutu limodzi latsekeka mwadzidzidzi, musathiremo mafuta kapena kutokosa ndi kamtengo ka machesi. Pitani kuchipatala msanga. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli gawo loyeza makutu, ndipo kuyezako sikupweteka: amakuveka mahedifoni, n'kumakuuza kuti ukweze dzanja ukamva kamawu.

Pa chinkhoswe chija, mtsikanayo atalowa m'bwalo, pamalo pomwe anaima panatsala ana ang'onoang'ono asanu, akumva bwinobwino, atakhala pafumbi misana atatsamira sipika. Wina anali atatseka khutu limodzi ndi chala, dzanja linalo atagwira chitumbuwa. Anakhala pamenepo kuyambira masana mpaka dzuwa kulowa, ndipo pa akuluakulu tonse tinalipo, palibe amene anapita kukawasuntha.