Zikalata Zilipo Koma Sizikupezeka: Kufufuza Vuto la Seva Yosakira

Dera la Chinyunyu, lomwe lili m'boma la Rufunsa m'mbali mwa msewu wa Great East Road, limadziwika ndi akasupe a madzi otentha, ndipo mphunzitsi kapena mlangizi wa zaulimi wa kumeneko amene akufuna kuwerenga zimene ofufuza analemba za nthaka, madzi kapena mbewu sayeneranso kukwera basi mpaka ku Lusaka, popeza University of Zambia imasunga zolemba zambiri za ophunzira a madigiri apamwamba pa intaneti pogwiritsa ntchito pulogalamu ya DSpace. Phindu lonse la nkhokwe yotereyi lagona pa kabokosi kamodzi kolembamo mawu amene munthu akusaka, chifukwa kabokosiko kakayankha kuti palibe chapezeka, wowerenga amangotseka foni n'kuganiza kuti nkhaniyo sinalembedwepo. Nthawi zambiri zikalatazo zimakhala zilipo ndithu, koma chimene chasokonekera ndi seva yosakira.

Mapulogalamu osungira ndi kusanja zolembedwa, monga DSpace, imene inatulutsidwa mu 2002 ndi sukulu yaukachenjede ya MIT mogwirizana ndi kampani ya Hewlett-Packard, kapena Drupal, imene Dries Buytaert anaitulutsa mu 2001, kawirikawiri amapatsira ntchito yosaka pulogalamu ina yapadera. Imodzi mwa zotchuka ndi Apache Solr, imene Yonik Seeley anailemba mu 2004 ku kampani ya CNET ndipo inaperekedwa ku bungwe la Apache mu 2006. Solr siwerenga chikalata chilichonse nthawi imene munthu wafunsa, koma imakonzeratu indekisi, kutanthauza mndandanda wa mawu onse pamodzi ndi zikalata zimene mawuwo akupezekamo, mofanana ndi mlozera wa kumapeto kwa buku. Motero pali zinthu zitatu zimene ziyenera kugwirizana, zomwe ndi pulogalamu yosunga zikalata, seva yosakira ndi indekisi, ndipo katswiri wodziwa ntchito amaziyesa chimodzichimodzi kuyambira pa chosavuta.

Funso loyamba n'lakuti kodi Solr yayaka n'komwe. Imalandira mafunso kudzera pa port, yomwe ndi nambala yosiyanitsa mapulogalamu ogwira ntchito pa kompyuta imodzi, ndipo nambala yake yachizolowezi ndi 8983, kotero kuti katswiri amayamba n'kuona ngati pa nambalayo pakubwera yankho. Ku Zambia funsoli n'lofunika kwambiri chifukwa cha magetsi, monga zinaonekera mu 2024 pamene chilala chinachepetsa madzi mu damu la Kariba ndipo kampani ya magetsi ya Zesco inkazimitsa magetsi kwa maola ambiri pa tsiku. Magetsi akabwerera, pulogalamu yosunga zikalata ikhoza kuyaka yokha pamene Solr yatsala chizimire, makamaka ngati woikhazikitsa anaiyatsa pamanja osailembetsa pa mapulogalamu oyaka okha. Nthawi zina imayaka n'kuzimanso chifukwa cha kuchepa kwa memory, pakuti Solr imadalira Java ndipo poyamba imangopatsidwa 512 MB, zomwe zimachepa zikalata zikachuluka. Umboni wake umapezeka m'fayilo ya solr.log, mmene sevayo imalemba zonse zimene zikuichitikira, ndipo mawu akuti OutOfMemoryError akaoneka mmenemo, mankhwala ake ndi kuwonjezera memory, osati kufufuta pulogalamu n'kuyambiranso.

Solr ikapezeka kuti ili moyo, chotsatira ndi kuona ngati mapulogalamu awiriwa akulankhulana. Adiresi ya seva, nambala ya port ndi dzina la core, lomwe ndi gawo la Solr losunga indekisi imodzi, ziyenera kufanana ndendende mbali zonse ziwiri, ndipo chilembo chimodzi cholakwika chimakwanira kudula kulumikizanako. Kuyambira pa DSpace 7, imene inatuluka mu 2021, Solr imaikidwa payokha m'malo mobwera limodzi ndi DSpace, pamene Solr 9 ya mu 2022 imangomvera mafunso ochokera pa kompyuta imene yakhazikitsidwapo pokhapokha itauzidwa zina. Ena akatopa amatsegulira Solr ku intaneti yonse kuti vutolo lithe msanga, koma kutero n'kuitana akuba, ndipo chiopsezo cha Log4Shell cha mu December 2021, chimene chinakhudzanso Solr, chinasonyeza kuipa kosiya seva yotereyi poyera.

Vuto lovuta kulizindikira ndi lija lakuti zonse zikuoneka bwino koma zikalata zina sizituluka. Apa cholakwa chimakhala mu schema, fayilo imene imauza Solr zigawo za chikalata, monga mutu, mlembi ndi chaka, komanso mmene iwerengere chilichonse. Pulogalamu yaikulu ikakwezedwa schema n'kutsala yakale, Solr imakana zikalata zatsopano kapena kuzilandira mopereweza. Mafayilo oyenera akaikidwa, indekisi imamangidwanso, ndipo mu DSpace lamulo lake ndi index-discovery -b. Palinso mabuku akale amene anangojambulidwa pa sikana, amene munthu amawawerenga bwinobwino koma kompyuta imangoona zithunzi, moti sangasakidwe mpaka atadutsa m'pulogalamu yozindikira zilembo monga Tesseract.

Mbali imene akatswiri ambiri amaidumpha ndi ya chiyankhulo, ngakhale kuti ndi imene imakhudza kwambiri owerenga a kuno. Solr imabwera ndi malamulo odulira mawu a Chingerezi, Chipwitikizi ndi ziyankhulo zina zambiri, koma sidziwa kuti mudzi ndi midzi ndi mawu amodzi, chifukwa Chinyanja chimasintha mawu kumayambiriro pamene Chingerezi chimawasintha kumapeto. Kalembedwe nakonso kamasiyana, popeza ku Zambia ambiri amalemba cakudya ndi Cinyanja pamene ku Malawi amalemba chakudya ndi Chinyanja, ndiponso dzina lakuti Malaŵi limalembedwa ndi kadenga pa w kapena popanda. Ngakhale mawu akuti ng'ombe amatha kusowa ngati kachizindikiro ka pakati pake kanatayipidwa kopindika m'chikalata koma koongoka m'kabokosi kosakira. Sefa yotchedwa ASCIIFoldingFilter imathetsa nkhani ya kadenga ndi ya kachizindikiro, pamene fayilo ya synonyms.txt imalola woyang'anira kulemba mawu oyenera kutengedwa ngati ofanana, ndipo tsamba la Analysis la mu Solr limaonetsa mmene liwu ladulidwira pa sitepe iliyonse.

Ntchito yonseyi sifuna zipangizo zodula, koma dongosolo ndi chizolowezi chowerenga log musanasinthe kanthu. Masukulu aukachenjede, malaibulale ndi maofesi a boma amene akuika zikalata pa intaneti ayenera kuyesa kabokosi kawo kosakira ndi mayina a malo ndi mawu a ziyankhulo za kuno, ndipo aziyesanso nthawi iliyonse magetsi akathima kapena pulogalamu ikakwezedwa, chifukwa wowerenga wa kumudzi amene wagula bandulo ndi ndalama zochepa sabwereranso kawiri pa tsamba limene lamuuza kuti palibe chapezeka.