Werengani zitsamba za m'nkhalango ya m'mudzi chaka ndi chaka

Alimi anzanga, tikamakamba za nkhalango maso athu amathamangira mitengo ikuluikulu ngati mombo ndi muwanga. Koma pansi pake pali zitsamba ndi timitengo ngati mpoza, nthudza, mzilu ndi mpinjipinji. Izi ndizo zimatipatsa zipatso ndi mankhwala, njuchi zimapezako maluwa, ndipo mizu yake imagwira dothi kuti lisakokoloke. Vuto lake n'lakuti zimatha mwakachetechete, munthu n'kudzazindikira zitasowa kale.

Njira yodziwira msanga ndiyo kuwerenga zomera za pamalo amodzimodzi kwa zaka zambiri. Ku Panama, pachilumba cha Barro Colorado, akatswiri Stephen Hubbell ndi Robin Foster anapatula mahekitala 50 a nkhalango mu 1980. Chomera chilichonse chokhala ndi thunthu lonenepa sentimita imodzi kapena kuposa apo anachiyeza ndi kuchipatsa nambala. Anapeza zomera zoposa 200,000 za mitundu pafupifupi 300, ndipo akhala akubwereza kalemberayu patatha zaka zisanu zilizonse.

Mu 1983 kuderalo kunagwa chilala cha El Niño, mphepo yomweyi imene inatiumitsira chimanga mu 2016 ndi 2024. Kalembera wotsatira anaonetsa kuti zomera zinafa zambiri kuposa nthawi zonse, ndipo zitsamba zokonda chinyontho zinapitiriza kuchepa. Wongodutsa akanaona nkhalango yobiriwira bwinobwino. Kaundula ndiye anaulula.

Kwathu kuno zitsamba zimathanso ndi moto wolusa, mbuzi ndi nkhwangwa. Komiti yoona zachilengedwe m'mudzi mwanu ikhoza kuchita kalembera wake popanda ndalama zambiri.

Choyamba, sankhani malo atatu m'nkhalango: kufupi ndi mtsinje, pamtunda, ndi kufupi ndi njira ya anthu ndi ziweto. Pamalo aliwonse yezani mamita 20 mulitali ndi 20 mulifupi. M'ngodya unjikani miyala, osati zikhomo zamtengo, chifukwa chiswe ndi moto zimazimaliza.

Chachiwiri, werengani mtundu uliwonse paokha. Lembani dzina lake, kuchuluka kwake, ndiponso ngati chapsa, chadulidwa kapena chadyedwa ndi ziweto. Musaiwale tophukira pazitsa. Tengani agogo ndi asing'anga odziwa mayina, ndi achinyamata oti azilemba.

Chachitatu, bwerezani mwezi womwewo chaka chilichonse. Epulo kapena Meyi ndi nthawi yabwino chifukwa masamba amakhala asanayoyoke ndipo moto usanayambe. Kope likhale kwa mlembi wa komiti, lina kwa amfumu.

Chaka chimodzi sichikuuzani kanthu. Koma pakatha zaka zitatu kapena zisanu mudzaona kumene zinthu zikulowera. Ngati tophukira tikupsa chaka ndi chaka, lambulani njira zotchinga moto ndipo funsani alangizi a zankhalango za kutentha tchire msanga, udzu usanaumitsitse. Ngati nthudza zikuchepa m'mbali mwa njira pomwe pamtunda zilipo, gwirizanani zotseka mbali imeneyo kwa ziweto ndi otola nkhuni kwa kanthawi. Ngati mtundu wina watsala pang'ono kutha, tolani mbewu zake mufese kunazale.

Nkhaniyi muikambe pamsonkhano wa komiti ukubwerawu, kuti mvula ikamatha miyala ikhale itaunjikidwa kale.