Boti la Injini Pamsana pa Lole

Pamadzi boti ndi mfumu, koma likakwezedwa pa lole lisanduka khanda lofuna kusamalidwa. Amene agula boti lalikulu la injini mu Lusaka ayenera kudziwa kuti ulendo wa ku Siavonga, wa makilomita pafupi-fupi 200, ungathe kuononga cuma ca zaka zambiri tsiku limodzi.

Nchito iyamba lole isanafike. Eni ace acotsa mafuta m'thanki, namasula mabatire kuopa moto. Madzi otsalira pansi m'botimo awakapa onse, cifukwa pokhota athamangira mbali imodzi ndi kupendeketsa lole. Denga, nyali ndi mlongoti azitsitsa kuti zisakole mawaya a magetsi.

Boti silikhazikidwa pa citsulo. Ligona pa matabwa ndi matayala akale, lomangidwa ndi malamba kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Likakula kuposa muyeso wololedwa pamseu, mwini wace atenga cilolezo ku Road Development Agency, namangirira mbendera zofiira. Asanatsike mapiri a Kapiringozi, pomwe malole ambiri agubuduka, woyendetsa wanzeru ayamba waima ndi kukoka malamba.

Cotsiriza, boti locokera m'madzi ena litsukidwe bwino lisanakwezedwe, pakuti kaudzu komatirira kangabale tsoka. Mu 1962 udzu woyandama wa Salvinia unaphimba malo oposa gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja ya Kariba.

Tsono asodzi, musafulumire. Kuona maso a nkhono n'kudekha.